Khoma Lopanda Simenti

A Gumulani anatsika sitima ya m'mawa mawu awo ali chikonzekere m'kamwa. Anawaphika masabata atatu athunthu ali chigonere kwa mwana wawo wamkazi, kudziko la eni kumene anapita kukachiritsa bondo, ndipo tsopano mawuwo anali atapsa: mwana wawo wachisamba abwerere kumudzi akagwire ntchito ya amuna, akakana asadzaponde pamanda awo. Nthawi yonenera inali tsiku limodzi lokha. Sitima yobwerera inali ya faifi koloko madzulo, m'mawa mwake ndege.

Dzinali sanabadwe nalo. Analitola pantchito, pa zaka makumi anayi zimene anamanga nyumba za anthu ena. Khoma likangopendama ngakhale ndi chala chimodzi, iwo analibe mawu ena koma amodzi omwewo akuti gumulani, mpaka anthu anaiwala dzina limene amayi awo anawapatsa. Mwana wachisambayo anamuphunzitsa okha, ndi mbama zomwe, kufikira atadziwa kuyala njerwa popanda chingwe. Kenako mwanayo ananyamuka, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, n'kukakhala kulikulu la dziko la eni lomweli. M'mafoni ankati akumanga. Koma mlongo wake, posadziwa kuti akuyatsa moto, anaonetsa bambo awo chithunzi: mwamuna wandevu zake atagwada pansanja, akutsuka khoma ndi kamswachi konga kotsukira mano.

"Bambo! Kuno!"

Anali yemwe uja, koma mapewa atakula. A Gumulani anapereka dzanja ngati akubwereketsa.

"Wanenepa. Kutsuka makoma kumanenepetsa, eti?"

"Mwayenda bwanji, bambo? Bondo likuti bwanji?"

"Bondo ndi langa, lisiye. Ndabwera ndi mawu."

"Mawu sawola, bambo. Muone kaye mzinda, tidzakamba titakhala pansi."

Iwo anafuna kukana, koma maso anawapereka. Pamwamba pawo panali denga la chitsulo ndi magalasi, lalitali moti nkhunda zouluka m'katimo zinkaoneka ngati agulugufe, lotambalala kuphimba sitima khumi popanda mzati pakati. Anaima anthu akuwalambalala, n'kumatsata ndi maso nthiti zachitsulozo mpaka pamene zinakakhala pakhoma.

"Anakhoma ndani?"

"Anthu akale. Lapitirira zaka zana."

"Limadontha?"

"Ayi."

"Umagona pano mvula ikamagwa kuti udziwe?"

Mwanayo anangoseka n'kuwalandira chikwama.

Kunja misewu inali yopapatiza, yoyalidwa miyala yaing'ono ngati zibakera, yosalala chifukwa cha mapazi a anthu amene anafa kalekale. Nyumba zinali zogundana mapewa, zansanjika zinayi zisanu, mawindo ataliatali, zitseko zathabwa lochindikala lokhomedwa misomali ya mitu ikuluikulu. Alendo anali mbwee. Ankayenda m'magulu, kutsogolo mayi atakweza ambulera yotseka, iwo pambuyo ngati anapiye, makosi chagada, mafoni m'mwamba. A Gumulani okha ndi amene ankayenda chowerama. Nyumba ili ngati munthu, ankatero nthawi zonse, ukafuna kuidziwa usayang'ane chipewa, yang'ana kumapazi.

Pakona ina anaima.

"Ndipatse botolo lako la madzilo."

"Muli ndi ludzu?"

Analandira botololo. Anatsegula n'kukhuthulira madzi onse pamsewu. Madziwo sanaime n'kamodzi komwe. Anasonkhana okha, anatsata kangalande kosaoneka pakati pa miyala, n'kuyenda mapazi makumi awiri mpaka kukalowa pakabowo ka chitsulo, osasiya chithaphwi. Mayi wina wogulitsa maluwa anawayang'ana ngati amisala.

"Hm," anatero a Gumulani. Mwanayo anawadziwa bambo ake: "hm" ameneyo sanamumvepo kawiri pa moyo wake wonse.

Anafika pamtsinje. Mlatho wake unali wa miyala yokhayokha, wa makomo asanu ndi awiri okhota ngati uta, ndipo pamwamba pake mabasi ankadutsa mosaopa.

"Uwu uli ndi zaka mazana asanu ndi limodzi."

"Bodza. Anawerenga ndani? Amangopaka mwaye kuti alendo azilipira. M'kati muli chitsulo."

"Mulibe, bambo."

"Tiye tikaone."

Anatsika masitepe opita kunsi kwa mlatho bondo likulira, kumene kunalibe mlendo aliyense, kunkangonunkha ndere. Anayang'ana m'mwamba. Mwala uliwonse unali wosemedwa mopendekera pang'ono, kutsamira mnzake, mnzakeyo kutsamira wina, mpaka pamwala wapakati umene unatseka yonse ngati chikhomo. Polumikiza pake sipakanalowa ngakhale mpeni. Anaika chikhatho pamwala n'kudikira. Basi inadutsa pamwamba, inadutsanso ina. Mwalawo sunanjenjemere. Anakhala choncho nthawi ndithu, dzanja lili pomwepo, ngati munthu womvera mtima wa ng'ombe.

"Amene anayala apa," anatero potsiriza, "sankamwa mowa Lamlungu."

Kutsidya kunali bwalo lalikulu, lozunguliridwa ndi nyumba za mizati, pakati kasupe wotumphuka m'kamwa mwa nsomba zamwala. Pafupi ndi kasupeyo panali chiboliboli cha mkuwa: munthu wandevu atakwera hatchi, lupanga m'mwamba.

"Nanga uyu anachita chiyani?"

"Ndi mfumu imene inamangitsa mlatho uja ndi linga la mzinda."

"Inamangitsa kapena inamanga?"

"Inamangitsa."

"Ndiye hatchi akwera ndi iyeyu? Wonyamula miyala ali kuti? Dziko ndi limodzi basi. Wothyoka msana ndi wina, wojambulidwa ndi wina." Anayang'ana nkhunda ziwiri zimene zinakhala pamutu pa mfumuyo, zitaipaka zoyera mpaka m'ndevu. "Koma nkhundazi zikudziwa chilungamo."

Itakwana thwelofu, wotchi yapansanja yaitali inatsegula tizitseko, ndipo tianthu tachitsulo tinatuluka ndi nyundo kudzamenya belu. Khamu lonse linafuula. A Gumulani anati m'katimo muli munthu wokoka zingwe, koma anawerenga kulira konse khumi ndi kuwiri pakamwa pali yasa, ndipo titalowa tianthuto anadikirabe pang'ono kuti mwina tibwerera.

Anakhala pabenchi kudya buledi ndi tiyi wa m'makapu apepala. Apa a Gumulani anakonza kukhosi.

"Tsopano takhala pansi. Ine sindinakuphunzitse supuni yomangira kuti udzakhale wotsuka mano a makoma. Anzako amene ankakupatsira matope lero ali ndi magulu awo. Iwe..."

"Bambo, mwaona za anthu akufa zokhazokha. Bwerani muone pamene ndimagwira ine. Mukatero munene zonse, sindikudulani."

"Ukuthawa."

"Ndi apo, kuseri kwa nyumba izo."

Inali nyumba yopemphereramo, yaikulu kuposa chilichonse chimene a Gumulani anaonapo chomangidwa ndi manja. Mbali imodzi inali yokutidwa ndi nsanja zachitsulo. Analowa kaye m'kati. Munali kachisisira, ndipo phokoso la mumsewu linatsala pakhomo. Mizati inakwera ngati mitengo ya m'nkhalango yosadulidwa, pamwamba n'kuphuka nthambi zamwala zimene zinakumana pakati. Dzuwa linkalowa kudzera m'magalasi ofiira, obiriwira ndi amtambo, n'kugwa pansi ngati nsalu yoyanika. Palibe anawauza, koma chipewa chinapezeka chili m'manja. Anapita pamzati umodzi, anatsinzina diso limodzi, n'kuuyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Anapita pa wina. Anayesa isanu, kufuna umodzi wokha wopendama kuti mtima ukhale pansi. Sanaupeze.

"Analibe makina?" ananong'ona.

"Chingwe, nyundo ndi tchizulo. Taonani apa." Mwanayo anawagwira dzanja n'kuika chala chawo pamwala, pamalo amdima. Panali kachizindikiro kosemedwa, konga phazi la nkhuku. Pamwala wina panali kamtanda ka mchira, pa wina kamuvi. "Mmisiri aliyense ankasema chizindikiro chake pamwala umene wakonza. Mayina awo palibe akuwadziwa. Uyu wa phazi la nkhuku ndamupeza malo makumi atatu."

A Gumulani anasisita phazi la nkhukulo kawiri katatu. Chala chawo chinakwana bwinobwino m'menemo.

"Anali wamanzere," anatero. "Ona mmene tchizulo chinalowera."

Anatuluka n'kuzungulira kuseri, kumene alendo safika. Mwanayo anatsegula kageti ka mpanda, anawaveka chipewa cholimba, n'kuwaonetsa khoma lalitali la miyala yotuwa.

"Apa ndi pamene tamaliza mwezi wathawu. Timachotsa matope akale ofumbwa pakati pa miyala, n'kuikamo atsopano."

A Gumulani ankayenda ndi msomali wa mainchesi anayi m'thumba la jekete, monga ena amayendera ndi cholembera. Anautulutsa n'kukanda polumikiza miyala. Msomaliwo unalowa. Ufa woyera unagwera pansapato pawo. Anakanda pena. Chimodzimodzi.

Ufa umenewo ankaudziwa. Zaka makumi awiri zapitazo anamanga sitolo ya munthu wina, ndipo kontilakita ankagulitsa simenti kuseri n'kumawauza kuti sakanizani ndi imene ilipo. Mvula yachiwiri khoma linagwa. Kontilakita anakwera galimoto yake n'kupita kukamanga kwina, koma dzina limene linagwa ndi khomalo linali lawo. Kuyambira pamenepo ntchito zikuluzikulu zinkawadutsa, iwo n'kumamanga zimbudzi ndi makola.

"Simenti ili kuti?"

"Mulibe simenti, bambo. Timaika..."

"Mulibe! Ndipo ukunena ukumwetulira! Iwe mwana, unabadwa liti? Akudya simenti anthu awa, ndipo tsiku limene khomali lidzagwe sadzagwira mwini dziko, adzagwira iwe mlendo! Kapitawo wako ndani? Muitane!"

Sanafunike kuitanidwa. Phokosolo linatsitsa pansanja mayi wina wamfupi, wa imvi, fumbi loyera lili m'nsidze, manja okhakhala ngati a mwamuna wolima. Anafunsa kanthu m'chinenero chawo.

"Awa ndiwo akapitawo athu," anatero mwanayo.

"Mzimayi? Chabwino, kuba kulibe mwamuna kapena mkazi. Muuze kuti ndi wakuba."

Mwanayo analankhula ndi mayiyo mawu angapo ofatsa. Mayiyo anamwetulira n'kutambasula dzanja.

"Wamuuza chiyani?"

"Ndati ndinu bambo anga, ndinu mmisiri."

"Womasulira wabodza! Ndinena ndekha."

Anawerama, ananyamula thumba losaoneka n'kuliika paphewa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyenda monyang'ama kulowera kugeti. Atatero analoza mayiyo, analoza khoma, n'kumuonetsa ufa uli pamsomali. Amisiri awiri amene anali pansanja anasiya ntchito. Mayiyo anayang'ana msomali, anayang'ana nkhalambayo, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira m'mimba. Atapukuta misozi anawakoka mkono wa jekete ngati mwana, kupita nawo kukona ya khoma.

Kumeneko khoma linali lina. Polumikiza miyala panali simenti yeniyeni, yakuda, yolimba. A Gumulani anaikanda ndi msomali, msomali unaterereka.

"Eya! Iyi ndiye ntchito!"

Mayiyo anawagwira dzanja n'kulichotsa pa simentiyo, kuliika pamwala. Mwalawo unali wolowa m'kati ngati mbale. Anaukhudza, ndipo unanyenyeka m'zala ngati chigumu chouma. Anayang'ana bwino. Khoma lonse la pakonapo linali choncho: simenti ili chiimire ngati nthiti za nyama yakufa, miyala itadyeka pakati pake.

Mayiyo ankalankhula, mwanayo akumasulira, ndipo ulendo uno a Gumulani sanamutsutse.

"Akuti apa anakonza anthu ena zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Anali amisiri abwino, ankafuna kulimbitsa. Koma khoma la miyala limamwa madzi, ndipo madziwo amafuna potulukira. Matope akakhala ofewa, a laimu ndi mchenga, madzi amatulukira m'menemo, matopewo ndiwo amafumbwa, mwala umatsala. Pakapita zaka zana wina amabwera kudzaikamo ena. Koma mukatseka ndi simenti, madzi amatulukira m'mwala. Kukazizira amaundana m'katimo, mwala n'kuphulika."

"Ndiye kuti matopewo amawapanga dala kuti azigonja?"

"Dala. Mlatho uja ulinso choncho."

"Nanga kamswachi?"

"Ndi kochotsera fumbi m'mphako tisanaike atsopano. Chitsulo chimavulaza mwala."

A Gumulani anatembenukira kukhomalo. Anayang'ana simenti yolimbayo, ntchito yonga imene iwo akanagwira akanapatsidwa khomali, ndipo akanapita kwawo akudzitama. Anabweza msomali m'thumba.

Mayiyo anawatengera kumgolo wotsekedwa n'kuvundukula. Munali laimu woyera wonyowa, amene anati wakhala m'madzi zaka zitatu kudikira tsiku lake. A Gumulani anapisamo zala. Anali wosalala ngati mafuta odzola. Anamununkhiza, anamufinya, anapukusa mutu.

"Zaka zitatu kudikira matope. Kwathu mwini nyumba amafuna kulowa Loweruka."

Kenako anayang'ana makwerero.

"Bambo, bondo."

"Ndati ndi langa."

Anakwera nsanja yoyamba, mwana ali pambuyo manja ali chire, mayi uja akuwatsatira. Pamwambapo anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma lomalizidwa, chala chikutsata mizere ya matope. Anadutsa miyala khumi. Kenako anaima.

"Apa ndi iwe."

Mwanayo anayang'ana mayi uja.

"Apa si iwe. Apanso ayi, uyu amathamanga. Apa ndi iwe. Kuyambira apa mpaka pawindo ndi iwe yekhayekha."

Mayiyo anafunsa, mwanayo anamuuza, ndipo mayiyo anavula magalasi n'kuyandikira khoma mpaka mphuno kukhudza mwala.

"Akuti amisiri tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo ngakhale iwo akapitawo sangathe kusiyanitsa ntchito yathu popanda kuona m'buku. Akufunsa kuti mwadziwa bwanji."

"Dzanja langa ndingalisowe? Umamaliza mzere ndi kukanikiza kumunsi kuti madzi asakhale. Ndinakuphunzitsa pa nyumba ya aphunzitsi ija."

"Ndikukumbuka. Khutu ili linalira masiku awiri."

Anazinena akuseka, koma a Gumulani sanaseke. Mayiyo analankhulanso, nthawi yaitali ndithu, akuloza mwanayo ndi chibwano. Mwanayo anayang'ana pansi.

"Akuti chiyani?"

"Palibe."

"Masulira, iwe."

"Akuti mawindo akumwamba, amene ali ovuta, akusungira ine. Akuti anthu ambiri amabwera odziwa kumanga, koma odziwa kuleza ndi ochepa."

"Kuleza sunatengere ine," anatero a Gumulani. "Ndi kwa amayi ako."

Mayiyo anawapatsa kachitsulo kopyapyala ndi matope pang'ono pathabwa, n'kuwalozera mphako imodzi yotsukidwa kale. Iwo anatapa n'kuponyamo mwamphamvu, monga anachitira moyo wawo wonse. Matopewo anabwerera n'kugwera pathabwa la nsanja.

"Pang'onopang'ono, bambo. Awa safuna ukali. Ikani ochepa, kanikizani, dikirani, muikenso."

Mwanayo anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja lawo. Linali lolemera, lofunda, la munthu wamkulu. Mphako yotalika ngati chikhatho inawatengera mphindi makumi awiri, ndipo belu la folo koloko linawapeza ali pomwepo.

Anabwerera kusiteshoni pa basi, kudutsa pamlatho uja. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mzinda wonse, madenga ofiira, nsanja za mabelu, linga lakale pamwamba pa phiri, unali utasanduka wagolide. A Gumulani ankayang'ana pawindo osaphethira, ngati munthu amene akudziwa kuti sadzapatsidwanso.

Sitima inali itaima kale. Mwanayo anawaikira chikwama m'kati n'kutsika, naima pakhomo.

"Mawu aja, bambo. Ndinalonjeza kuti sindikudulani."

A Gumulani anayang'ana wotchi yapasiteshoni. Panatsala mphindi zinayi. Mawuwo anali pomwepo, onse, monga anawakonzera. Anaganiza za nyumba yawo kumudzi, ya zipinda zinayi, imene ankagonamo okha.

"Khoma lija latsala lalitali bwanji?"

"Mbali imene mwaonayo, zaka zinayi. Kenako mbali ya kumpoto. Kenako nsanja ya belu."

"Zonse pamodzi."

"Mwina khumi ndi zisanu."

Iwo anawerenga mumtima, kuphatikiza ndi zaka zawo, ndipo yankho lake silinawadabwitse.

"Pakona paja, pamene anaononga ndi simenti, adzakonza ndani?"

"Sanasankhe."

"Upemphe iwe. Uja wothamanga asapayandikire." Anakhosomola. "Ndipo ukadzamva kuti ndagona, ubwere. Masiku atatu okha. Khoma laima zaka mazana onsewa, silingagwe chifukwa wapita kukaika bambo ako."

Wembulo inalira.

"Mayi uja ntchito amaidziwa, sindikana," anatero a Gumulani chitseko chikuyamba kutsekeka. "Koma mgolo wa laimu uja uziuyang'anira. Munthu ndi munthu."